Batani la m'Nyumba Yokhoma

Yamikani mwana wanga,

Ndikulemba masana ano iwe utapita ku Nambuma kukatsanzika kwa amalume ako. Bambo ako ali kudimba, ndipo shopu ndatseka chitseko chimodzi kuti odutsa aziganiza kuti ndachokapo. Mawa pa siteji padzakhala anthu ambiri, komanso ukudziwa kuti ine pakamwa pamandilemera ndikafuna kunena za mumtima. Kalatayi ukaiwerenge utafika ku koleji, utakhazikika.

Dzana tikudya unandiuza kuti anzako amene anayamba kale maphunziro a zamagetsi akuti ntchito yoyamba imene amapatsidwa ndi kupanga kachipangizo kowerenga nthawi, koti nthawi ikakwana kamayatsa getsi, getsilo n'kukhala chiyakire mpaka munthu atabwera kudzalizimitsa. Unaseka n'kunena kuti zimenezo n'zachibwana. Ine sindinaseke nawe, mpaka unandifunsa ngati ndikudwala. Sindinkadwala ayi. Kachipangizo kotero ndinakapangapo kamodzi, iwe uli ku sukulu yogonera ku Namitete, ndipo sindinakapangenso. Ndikufuna upite ukudziwa mmene zinayendera.

Ukuwakumbukira Abiti Jafali, agogo aja a kuseri kwa golosale yobiriwira, amene ankakupatsa masiwiti a m'botolo ndikakutuma sopo. Amuna awo atamwalira, golosale anaibwereketsa kwa munthu wina, ana aamuna anapita ku Joni, ndipo mwana wawo wamkazi Zainabu anakwatiwa ku Lilongwe. Anatsala okha m'nyumba muja ndi matenda a shuga. Zainabu anayesa kuwatenga kuti azikakhala nawo m'tauni, koma anakana, amvekere sangasiye manda a amuna awo. Anawagulira foni, iwo n'kumaisunga m'chitini pamodzi ndi singano ndi ulusi, moti ikalira sankaimva. Tsiku lina Zainabu anabwera ku shopu kuno ngati akufuna tchaja, koma atakhala pa benchi anayamba kulira. Anati chimene chimamusowetsa tulo si imfa ya mayi ake, koma kuti angadzagwe m'nyumba n'kukhala pansi tsiku lonse, anthu akudutsa panja osadziwa.

Ndinazilingalira kwa masiku angapo ndikukonza mawailesi ndi nyale za sola. Belu loti aziliza akadwala silikanathandiza, chifukwa munthu wokomoka saliza belu. Ndiye ndinaganiza zoitembenuza nkhaniyo. M'malo moti azindiitana akavutika, azindidziwitsa akakhala bwino, ndipo akasiya kundidziwitsa, chipangizocho chindiitane chokha. Limeneli ndi langizo langa loyamba, mwana wanga. Usanagwire waya, yamba wadzifunsa kuti munthu amene ukumupangira chinthuyo adzakhala ali bwanji pa nthawi imene adzachifune.

Ndinakhoma batani pa khoma la m'nyumba mwawo, pafupi ndi pamene ankaika ndowa ndi ketulo yosambira m'manja ndi kumaso asanaswali. Ndinasankha pamenepo chifukwa mapemphero sankaphonya. Waya ndinaudutsitsa m'paipi pansi pa bwalo lija ankayanikapo mtedza, mpaka kulowa ku shopu kuno. Pa shelefu ndinaika bokosi la wailesi yakufa, mkati mwake kachipi kowerenga nthawi, batire yodzaza ndi sola, ndi kagetsi kofiira kunja. Akadina batani, kaswichi ka mkati mwa bokosi kankati khethe, kuwerenga n'kuyambiranso pachiyambi. Nthawi ndinaitchera yotalikirapo pang'ono kuposa usiku wathunthu, kuti azigona mwamtendere. Ikatha nthawiyo batani lisanadinidwe, kagetsi kankayaka.

Nditamaliza kuwalongosolera, Abiti analiyang'ana batanilo kwa kanthawi, kenako anandiyang'ana ine.

"Ndiye kuti kakayaka, ndafa?"

"Ayi amayi, kakayaka ndiye kuti ndibwere."

"N'chimodzimodzi mwanangu. Ukabwera udzaona wekha."

Anaseka, n'kudina ndi chala chachikulu cha dzanja lamanja. Bambo ako, amene ndinawasiya ku shopu, anakuwa kuti kalira.

Poyamba ndinagwiritsa ntchito zipangizo zakale zimene ndinazula m'mawailesi akufa, poganiza kuti kanthu kakang'ono ngati aka sikafunika zatsopano. Kapasita imene ndinaikamo, yothandiza kuwerenga nthawi ija, inali yotopa, ndipo kukatentha nthawi inkathamanga. Tsiku loyamba kagetsi katayaka ndinasiya kasitomala ali chiimire, ndinathamanga mpaka silipasi kutsala pa bwalo, n'kukawapeza akupeta mpunga pakhonde. Zinachitikanso kangapo. Kenako tsiku lina kanayaka ine ndikuwotcherera waya, ndipo ndinamva mtima wanga ukunena kuti kakunama, yamba wamaliza. Ndinamalizadi, ndinapita mosathamanga, n'kuwapeza ali bwinobwino. Koma pobwerera ndinachita mantha ndi kudekha kwangako. Mawa lake ndinakwera minibasi kukagula zipangizo zatsopano m'tauni, ndipo ndinaliyesa bokosilo pa benchi kwa masiku ambiri, ndikuliyerekeza ndi wotchi ya pakhoma, kukutentha ndi kukuzizira. Umve bwino, Yamikani. Chipangizo chonama n'choipa kuposa kukhala wopanda chipangizo, chifukwa chimaphunzitsa munthu kusathamanga.

Chachiwiri chimene sindinachiganizire chinali chakuti kagetsiko kankazima kokha batani likadinidwa. Tsiku lina ine ndi bambo ako tinapita ku maliro ku Nsaru, shopu titatseka. Pobwera madzulo kagetsi kanali kozima, ndipo ndinati zonse zili bwino. M'mawa mwake popita kukawadzutsa ndinaona chotupa chakuda pamphumi pawo. Anayamba abisa, koma kenako ananena kuti anagwa atangomaliza mapemphero a m'bandakucha, n'kukhala pansi pa simenti mpaka dzuwa litapendeka. Atatsitsimuka anakwawa, anadya shuga wa m'mbale, ndipo mwachizolowezi anadina batani. Kagetsi kanayaka m'shopu yotseka mopanda womuona, kenako n'kuzima ngati sikanaone kanthu.

Ndipamene ndinaikamo kachipangizo kena ka miyendo itatu, kamene kakatsegula njira ya magetsi sikatsekanso ngakhale choyambitsacho chitachoka. Tsopano kagetsi kakayaka kankakhala chiyakire, ngakhale adine batani kangati. Swichi yozimitsira sindinaiike ku shopu. Ndinaikhoma m'nyumba mwa Abiti, kuseri kwa chitseko. Bambo ako anadabwa, amvekere ndikudzipatsa ntchito yoyenda popanda chifukwa. Ndinawayankha kuti n'chifukwa chake ndaiika kumeneko, kuti tsiku limene ndatopa kapena ndatanganidwa, ulesi usathe kuzimitsa getsilo ndili chikhalire pa mpando. Ukamapanga chinthu, mwana wanga, uzikumbukira kuti wochigwiritsa ntchitoyo amatopa, amaiwala, amadzinamiza. Uzimupangira munthu ameneyo, osati munthu wa m'buku.

Kuchokera pamenepo kanayenda bwino kwa nthawi yaitali. Kamodzi kanayaka zenizeni, ndinawapeza thukuta lili kamukamu, maso ali m'mwamba, tinawamwetsa madzi a shuga n'kuthamanga nawo ku chipatala pa njinga yamoto, ndipo anachira. Atabwerako ankalitcha bokosilo kamwana kako kaja. Ife tinazolowera phokoso lake moti linasanduka wotchi yathu. Ku mzikiti akaitanira mapemphero, pakapita kanthawi kochepa, khethe. Bambo ako akamva ya masana ankadziwa kuti ndi nthawi yobwerera ku fodya. Sitinkalimvanso n'komwe, monga mmene munthu samamvera kupuma kwake.

Chaka chimene mvula inagwa kwambiri mpaka kukokolola mlatho wa kumunsi kuja, Abiti anadwala zedi. Miyendo inatupa, mawu anayamba kusokonekera. Zainabu anabwera ndi galimoto m'mawa wina n'kuwatenga kupita nawo ku chipatala chachikulu m'tauni. Ine ndi amene ndinakoka mawindo, ndinatseka chitseko, ndinakhoma loko, kiyi n'kumuika pa chingwe cha m'khosi mwanga. Ndinati ndidikira kagetsi kayake madzulo, ndipite ndikakazimitse n'kuchotsa batire mpaka atabwera.

Masana a tsiku lomwelo ndinali pa benchi ndikusintha sipika ya wailesi. Ku mzikiti anaitanira mapemphero. Patapita kanthawi, khethe. Sindinadzutse ngakhale mutu. Ndinamaliza kumanga sikulu, ndinapukuta m'manja, ndipo ndi pamene ndinakumbukira kuti kiyi ali m'khosi mwangamu. Kunja dzuwa linali phwee, anthu akugula tomato patsogolo pa shopu.

Ndinadziuza kuti ndamva molakwa. Koma chakumadzulo ataitaniranso mapemphero, ndinasiya zonse n'kuliyang'anitsitsa bokosilo, ndipo linalira ndikuliona. Kagetsi sikanayake tsiku limenelo, ngakhale mawa lake.

Ndinachita zimene munthu wa ntchito yathu amayenera kuchita, ndipo iwenso uzidzatero. Ukaona chodabwitsa, usayambe ndi kuthawa, usayambenso ndi kuuza anthu. Yamba wapima. Ndinazungulira nyumba ija. Loko anali chikhalire, mawindo otseka, ndipo m'matope a pa bwalo munali mapazi a nkhuku okhaokha. Ndinatsegula n'kulowa. Munkamveka fungo la lubani ndi mafuta awo odzola. Mkeka woswalira unali wopindidwa pa mpando, ndowa youma, ketulo yovundikira. Ndinamasula batani kufuna kuona ngati mwalowa nyerere kapena chinyezi, koma munali mouma, moyera. Ndinafukula paipi malo awiri kuona ngati makoswe anatafuna waya kapena madzi analowa. Ndinapima ndi mita kuyambira ku batani mpaka ku bokosi. Zonse zinali momwe ndinazisiyira.

Bambo ako ndi amene anabwera ndi yankho. Anati kodi si chimkuzamawu cha ku mzikiti, poti phokosolo likubwera nthawi ya mapemphero yokhayokha? Ndinawomba m'manja. Waya wautali umatola zinthu mumlengalenga ngati eliyo ya wailesi, ndipo waya wa chimkuzamawucho unkadutsa pafupi ndi mpanda wathu. Ndinaseka mpaka misozi, ndinawaphikira tiyi wa mkaka, n'kunena kuti ndidzaikapo kakapasita kosefa phokoso ndikapeza mpata. Sindinadzifunse kuti nanga n'chifukwa chiyani likulira patapita kanthawi kuitana kutatha, nthawi yokwanira munthu wokalamba kudzuka, kutunga madzi n'kusamba m'manja.

Patapita masiku ochepa kunabwera mvula yamphepo imene inagwetsa mitengo pa mawaya, magetsi n'kuzima pa Kabudula ponse. Zigayo zinaleka, mafiriji a m'magolosale anasungunuka. Masana ake woitanira mapemphero anaima pakhomo pa mzikiti, manja m'makutu, n'kuitana ndi pakamwa pokha. Mawu ake ankafika kuno movutikira. Bokosi lathu linali pa batire. Ine ndi bambo ako tinali tonse m'shopu, aliyense akunamizira kuti akugwira ntchito yake. Khethe. Palibe anayang'ana mnzake.

Mawa lake ndinawapempha bambo ako kuti akhale pafupi ndi bokosi, ine ndikakhale m'nyumba muja nthawi ya mapemphero a chakumadzulo. Ndinasiya chitseko chotsegula kuti kuwala kulowe, ndinakhala pa kampando kawo moyang'anana ndi batani. Madzi ankadontha kuchokera pa malata kugwera m'mgolo. Ana ankasewera mpira kumsewu, ndipo ndinkawamva bwinobwino akukangana. Kuitana kunamveka, kunatha. Batani silinagwedezeke. Sindinaone chilichonse, sindinamve mawu alionse, ndipo sindikufuna uwonjezere pa zimene ndikukuuzazi. Chimene chinachitika n'chakuti ndinangozindikira ndapinda miyendo yanga, ndaikokera pambali, monga mmene umachitira munthu wamkulu akafuna kudutsa pamalo opanikiza. Sindinaganize zochita zimenezo. Miyendo inachita yokha, ndipo ndinakhala chomwecho mpaka nditamva kuti tsopano ndingaitambasule.

Nditatuluka ndinawapeza bambo ako ataima pakhomo la kuseri kwa shopu, chipewa chili m'manja.

"Kalira, amake Yamikani."

Madzulo amenewo ndinamuimbira Zainabu. Anati mayi ake sakuyankhula, sakutsegula maso, akungodyera m'mapaipi. Ndinamufunsa kuti zinayamba liti, anati kuyambira tsiku lomwe anafika. Ndinamulimbikitsa ndi mawu wamba, osamuuza kanthu za kuno.

Bambo ako, monga mkulu wa mpingo, ankaopa zambiri kuposa ine. Ukudziwa mmene nkhani zimayendera pa malo ano. Akanangomva munthu mmodzi kuti mkazi wa uje ali ndi bokosi lolankhula ndi wodwala ali ku Lilongwe, sitikanagulitsanso ngakhale batire imodzi, mwinanso akanatigenda. Anati tidule waya. Ndipo ankanena zoona ngakhale pa nkhani ya ntchito, chifukwa kupima komaliza kunali komweko. Ukadula waya phokoso n'kupitirira, vuto lili m'bokosi. Likaleka, likuchokera kunja. Ndinkadziwa zimenezo kuyambira tsiku loyamba, koma ndinkazizemba.

Ndinatenga pulayazi, ndinagwada pamene waya amalowera m'khoma, ndinaika wayayo pakati pa mano a pulayazi. Dzanja linakana. Ndinkangoona ngati pali munthu amene akuyenda ulendo wautali kasanu pa tsiku kudzandiuza kuti akadalipo, ndipo ine ndikufuna kumutsekera chitseko.

"Ndipatseni ndidule ine," anatero bambo ako.

Ndinawapatsa. Anagwada pomwepo, anakhala nthawi, ndikumva akupuma. Kenako anadzuka, anaika pulayazi pa benchi n'kunena kuti akukaona mbuzi.

Sitinakambenso zodula. M'malo mwake ndinayamba kuopa china, chakuti batire ingathe. Kunali mitambo masiku otsatizana, sola siinkadzaza, ndipo mita inkandionetsa mphamvu ikutsika tsiku ndi tsiku. Ndinachotsa batire ya m'nyumba mwathu, ija tinkaonera kanema, n'kuilumikiza pambali pa inayo mosamala kuti magetsi asaduke ngakhale kamphindi. Ina ndinkainyamula pamutu kukadzazitsa kwa munthu wa jenereta. Makasitomala akabwera ndinkafunditsa bokosilo chitenje, ndipo nthawi ya mapemphero ikayandikira ndinkakweza wailesi. Ine amene ndinakuphunzitsa kuti magetsi alibe matsenga, ndinkasamala batire ija ngati ndikuyang'anira mpweya wa munthu. Sindinganene kuti ndinkakhulupirira kuti ikatha afa. Koma sindinali wokonzeka kuyesa.

Tsiku lomaliza ndinamva khethe ya m'bandakucha ndikusesa m'shopu. Kunacha bwino, mitambo inachoka, anthu anayanika zovala. Masana anaitanira mapemphero, magetsi atabwera kale, chimkuzamawu chikumveka mpaka kumadimba. Ndinadikira. Kanthawi kaja kanadutsa, kena kanadutsanso. Bokosi linali duu. Ndinaimbira Zainabu, foni yake inali yozima. Chakumadzulo anaitaniranso, ndipo kunalibe kanthu.

Chimene chinandivuta kwambiri n'chakuti ndinkadziwa zimene zinkachitika mkati mwa bokosilo, poti ndinalipanga ndine. Linkawerenga. Linayamba m'bandakucha ndipo panalibe woliyambitsanso. Ndinkatha kuyang'ana wotchi n'kudziwa kuti latsala pati. Ndinachotsa chitenje chija, ndinakhala pa mpando manja ali pamiyendo. Bambo wina anabwera ndi nyale yoti ndimukonzere, ndinamuuza kuti abwere mawa. Bambo ako anabwera kuchokera kumunda, anandiyang'ana, n'kukhala pa benchi osavula ngakhale nsapato za matope.

Kanayaka dzuwa likadali pamwamba pa mitengo ya bulugamu. Kanalibe phokoso, kanangoti ngwee, kofiira, kakang'ono ngati diso la nkhuku. Tinakayang'ana kwa nthawi. Sikakanazima kokha, ndipo panalibe njira yokazimitsira tili m'shopu. Ndinavula kiyi m'khosi n'kuwoloka bwalo.

Pakhomo ndinati odi, mwachizolowezi, ndisanatsegule loko. Nditalowa ndinaima pakati pa chipinda. Zinthu zonse zinali pamalo pake, mkeka, ndowa, ketulo. Koma inali nyumba chabe tsopano, ngati sitolo yosungiramo matumba. Masiku onse aja ndinkalowamo ndi mantha, koma tsiku limenelo mantha kunalibe, ndipo ndi pamene ndinalira. Ndinapapasa kuseri kwa chitseko n'kuzimitsa. Ndikukhoma loko, foni inalira m'chitenje. Anali Zainabu, akuimba pa foni ya mwamuna wake. Anati mayi ake anatisiya chakum'mawa dzuwa litakwera, ndipo akubwera ndi thupi kuti adzaikidwe pafupi ndi amuna awo.

Titaika maliro, azimayi tinakhala m'nyumba muja kumupepesa Zainabu. Iye ankafotokoza za masiku a ku chipatala, monga amachitira anamfedwa, kubwereza zomwezo kwa aliyense wolowa. Pakati pa nkhanizo anati panali chinthu chimodzi chimene sankachimvetsa. Mayi ake sankagwedeza chiwalo chilichonse, koma nthawi zina dzanja lamanja linkasuntha pang'onopang'ono mpaka kukafika pa chitsulo cha bedi, chala chachikulu n'kukanikiza kamodzi, kenako dzanja n'kugwa. Ankaganiza kuti ndi ululu, anaitana anamwino, koma iwo anati zimachitika. Anatembenukira kwa ine n'kundifunsa ngati mayi ake anali ndi chizolowezi chotero. Ndinayankha kuti eya, anali nacho. Batani linali pa khoma, pamwamba pa mutu wake, ndipo sindinaliyang'ane.

Mpaka lero sindikudziwa chimene chinkachitika, Yamikani. Ukakawauza aphunzitsi ako adzakuuza kuti waya wautali wokwiriridwa m'dothi lonyowa umachita zambiri, ndipo mwina adzakhala akunena zoona. Uwamvere. Uphunzire masamu ako onse, usawathawe ngati mmene unkachitira ku sekondale. Pa waya wautali uliwonse uziika chosefa phokoso. Sindikukutumiza ku koleji kuti ukaope mizimu m'mabokosi. Koma usadzachite manyazi kunena kuti sindikudziwa, pamene wapima zonse n'kupeza kuti sukudziwadi. Anthu ambiri a ntchito yathu amalephera mawu amenewo, ndipo amapeka yankho kuti agone tulo, monga ndinachitira ine ndi chimkuzamawu chija.

Usadzaiseke ntchito chifukwa chakuti ndi yaing'ono. Ndikubwerezanso, usadzaiseke. Kachipangizo kamene unati n'kachibwana kali ndi tizidutswa tokwana m'chikhatho, koma munthu anaikapo moyo wake, ndipo anakakhulupirira kuposa mmene ndinkakakhulupirira ine wokapanga. Udzapanga zinthu zazikulu kuposa zanga, mwina za m'zipatala, mwina za m'mafakitale. Uzidziwa kuti kumapeto kwa waya uliwonse kuli munthu, ndipo akazolowera chinthu chako sudzatha kungochichotsa tsiku limene chakutopetsa.

Zina ndi zomwe ndakhala ndikukuuza kuyambira uli wamng'ono. Uzizimitsa magetsi usanatsegule chinthu, ndipo ukazimitsa uzipimanso, osangokhulupirira swichi. Usagwire ntchito ndi manja onyowa ngakhale akufulumizitse ndani. Uzidya m'mawa. Lamulungu uzipita ku tchalitchi ngakhale usiku wake unawerenga mpaka kutopa. Anzako a chipembedzo china uziwalemekeza, ndipo akamapemphera uzitsitsa wailesi. Zida za anzako uzibweza zili zoyera. Ukadwala usabise, unene msanga. Mita yanga yachikasu ija ndakuikira m'chikwama, pakati pa mabulangete, waya wake wakuda ngwolumikiza koma imapima zoona.

Chomaliza ndi ichi, ndipo uchisunge. Bambo ako ayamba kuiwala pamene aika zinthu, ine maso ayamba kuchita chifunga ndikamawotcherera tizinthu tating'ono. Zaka zikubwerazi udzakhala kutali, mwina ku Blantyre, mwina kunja, ndipo tsiku lina udzagona osapeza tulo poganiza za ife. Udzakhala ndi nzeru zopangira chinthu chabwino kuposa changa, chopanda waya, chotumiza uthenga pa foni yako kulikonse kumene uli. Udzabwera nacho pa tchuthi uli wosangalala, udzafuna kuchikhoma pa khoma la kuchipinda kwathu. Ndikukaniratu lero ndikadali ndi mphamvu zokana. Ndinaona mmene munthu amavutikira kuti asadandaulitse omudikira, ndipo ine nthawi yanga ikadzafika ndikufuna kudzapita osatsalira ndi ntchito yodina kanthu. Ukadzafuna kudziwa ngati tadzuka, udzaimbe timve mawu ako. Tikadzapanda kuyankha, udzakwere basi, udzagogode wekha.

Uyende bwino mwana wanga, Mulungu akutsogolere kumene ukupitako.

Ndine mayi ako,
Nabanda